Pasimenti pa a Kaz

Amuna anga a Kaz Pawlak anagwira ntchito pafakitale ya galimoto ya Halvard zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo kukanakhala kotheka akanabatizidwira komweko. Ine ndine Bernadette, mkazi wawo. Chikwatiwireni ndakhala ndikulimbirana mwamuna ndi kampani imeneyi, ndipo sindinapambanepo.

Kufakitale kwawo kunali lamulo limene aliyense kuno ku Detroit amalidziwa: wobwera kuntchito ndi galimoto ya kampani ina amakaiimika kumapeto kwenikweni kwa bwalo, kuseri kwa mabini a zinyalala, n'kuyenda wapansi m'chipale mpaka pageti. A Kaz popuma pantchito anabwera ndi zinthu ziwiri, wotchi imene sinachedwe kufa ndi lamulo limenelo, lomwe silinafe. Pasimenti yolowera kugalaja kwathu pamaima Halvard basi. Ena onse, kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo. Wansembe wathu yemwe, Bambo Tomczak, atabwera kudzadalitsa nyumba pa kagalimoto kake ka ku Japan, anauzidwa mwaulemu wonse kuti madalitso alowe koma matayala akadikire kumtengo.

Mwana tili naye mmodzi, Renee. Tsiku limene anabweretsa chibwenzi chake, Fadi Bazzi, ine mtima unali m'mwamba. Mnyamata ndi Mwarabu wa ku Dearborn, ku Misa sapita, soseji yathu ya nkhumba sadya. Ndinkati lero kuli ntchito. Koma a Kaz zonsezo analibe nazo kanthu. Anamugwira dzanja bwinobwino n'kumufunsa funso limodzi lokha.

"Umagwira kuti, mnyamata?"

"Ku Merrick, Bambo Pawlak. Mbali yomanga mapikiapu."

Dzanja lija linabwezedwa ngati lagwira chivundikiro cha mphika wotentha. Merrick! Kampani imene a Kaz saitchula dzina asanalavule.

Ukwati unachitika ndithu, ndipo Fadi, mwana wofatsa ngati nkhosa, anaimika galimoto yake pansi pa mtengo zaka zisanu osadandaula. Zinthu zinadzaipa pa Khirisimasi ya 2019. Renee anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, chipale chinali cholekeza m'mawondo, ndiye Fadi analowetsa galimoto pasimenti kuti mkazi wake asaterereke pamsewu. A Kaz anatuluka atavala masilipasi, foloko ili m'manja.

"Chotsa chimenecho."

"Adadi, mukundiona mmene ndililimu?" anatero Renee.

"Iwe tsika, ndikugwira dzanja. Koma chimenecho chichoke."

Renee sanatsike. Kuuma mutu anatengera bambo ake, ine ndilibe mlandu. Anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Tsiku limene galimoto ya mwamuna wanga idzaime pasimenti apa ndi tsiku limene ndidzapondenso m'nyumba mwanu." Anapita, ndipo bakha amene ndinawotcha tinamudya anthu awiri mlungu wathunthu.

Mwana anabadwa, wamkazi, dzina lake Dalia. Ine ndinkapita kukamuona kwawoko. A Kaz ayi, ati sangakagogode pakhomo pamene pamagona Merrick. Koma ndinkawapezerera atatenga foni yanga, akukuza chithunzi cha mwanayo ndi zala zawo zonenepazo, n'kumanamizira kuti akuona za nyengo. Kunena zoona zinkandipweteka. Sindinkafuna zambiri ine. Ndinkangofuna mdzukulu wanga adye patebulo langa, athamange m'khonde langa, adetse makatani anga.

Ndiye kunabwera nkhani ya pikiapu yamagetsi.

Munali mu Meyi 2021 pamene a Halvard analengeza kuti akupanga pikiapu yosamwa mafuta, ya batire, mtengo wake madola 40,000. Wofuna apereke madola 100 kuti asungiridwe malo pamzere. A Kaz, munthu amene mpaka lero amandiitana kuti ndidzawayatsire wailesi yakanema, tsiku limenelo anaidziwa kompyuta. Anapatsidwa nambala 61,204. Pepalalo analiika m'felemu n'kulipachika pabalaza, pamene panali chithunzi cha mayi anga.

"Mayi anga apita kuti?" ndinafunsa.

"Ali m'chipinda, akupuma. Iwe Bernie, ukudziwa kuti galimoto imeneyi ikhoza kuyatsa nyumba yonse magetsi akazima? Masiku atatu!"

"Ndipo ikhoza kuphika?"

"Nsanje idzakupha."

Mlungu womwewo anaitana katswiri wa magetsi kudzakhoma tchaja m'galaja: bokosi loyera pakhoma, chingwe chokhuthala ngati dzanja la mwana, ndi kanyali kobiriwira kosonyeza kuti zonse zili tayale. Chosowa chinali galimoto yokha.

Kupusa kwenikweni kunabwera pambuyo. Nthawi imeneyo galimoto zatsopano zinkasowa, ndiye zakale zinakwera mtengo ngati misala. Munthu wina anaima pakhomo n'kulonjeza a Kaz ndalama zoposa zimene anagulira pikiapu yawo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. A Kaz maso anayera.

"Bambo inu," ndinawauza, "fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Dikirani yatsopanoyo ifike."

"Ine ndine wam'kati, Bernie. Ndimadziwa mmene lamba wopangira galimoto kufakitale amayendera. Milungu isanu ndi umodzi basi."

Anagulitsa. Pasimenti panatsala banga la oyilo ndi kagalimoto kanga ka Halvard, kamene a Kaz amalowamo atapinda mawondo mpaka m'chibwano.

Milungu isanu ndi umodzi inakhala miyezi isanu ndi umodzi. Akuti kwasowa titchipi, tizitsulo tating'ono ngati chikhadabo timene timapangidwa kutsidya kwa nyanja, ndipo popanda ito galimoto ya masiku ano siidziwa ngakhale kutsegula zenera. Kenaka kunabwera kalata: pepani, mtengo tsopano ndi 47,000.

"Si vuto la kampani," anatero a Kaz. "Zombo zadzadzana padoko."

Kalata yachiwiri inati 52,000.

"Miyala yopangira mabatire yakwera. Umawerenga nyuzi iwe?"

Yachitatu inati 56,000. Imeneyo anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino, n'kupita kugalaja kukapukuta tchaja. Loweruka lililonse ankaipukuta ndi kansalu kake kapadera, n'kukulunganso chingwe, n'kuima kaye kuyang'ana kanyali kobiriwira kaja. Ine chiyambire sindinapukutidwepo choncho.

Tsiku lina mnzawo wakale anawatsina khutu kuti mapikiapu omalizidwa akusungidwa pamunda wina kunja kwa mzinda, kudikira titchipi. Anandikakamiza kuwaperekeza. Mayo ine! Galimoto zikwizikwi zitandandalika mpaka kumene maso amalekeza, udzu utamera m'matayala, mbalame zitachita zawo pamagalasi. A Kaz anagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri ngati munthu wodzaona m'bale wake kundende.

"Yanga ndi iyo," analoza. "Yabuluu, mzere wachitatu."

"Mwaidziwa bwanji?"

"Munthu amadziwa."

Mlonda anatithamangitsa. A Kaz anamuuza za zaka makumi atatu ndi zinayi, mlonda n'kuyankha kuti iye wagwira milungu itatu ndipo geti amatseka ndi iye.

Pamene a Halvard ankakweza, a Merrick anatulutsa pikiapu yawo yamagetsi n'kutsitsa mtengo dala, kuti alande anthu otopa pamzere wa anzawo. Anakhoma chikwangwani chachikulu pamsewu wopita kutchalitchi, moti Lamlungu lililonse a Kaz ankandiuza kuti tidzere njira ina, yaitali. Fadi, pokhala wantchito wawo, anaipeza mosavuta. Renee anandiuza pafoni, ine n'kudikira a Kaz atayamba kumwa khofi.

"Mkamwini wanu wagula yamagetsi. Yafika kale. Yofiira."

Khofi analowera kolakwika. Atatha kutsokomola anati, "Chinthu chikatsika mtengo pamakhala chifukwa."

"Akuti mipando yake imatentha, yakutsogolo ndi yakumbuyo komwe."

"Munthu wamwamuna satenthetsa matako ndi magetsi."

Foni imene ankaidikira inalira mu Novembala 2022, patatha chaka ndi theka. Galimoto yafika kwa ogulitsa. Loweruka m'mawa a Kaz anameta ndevu, anavala jekete lawo la bungwe la antchito ndi tayi yapaukwati wa Renee. Ndinawaperekeza pa kagalimoto kanga. Kunja kunkazizira koluma makutu. Titafika anatsika mwamatama n'kumenya denga la galimoto kawiri.

"Bwerera kunyumba. Usandidikire, usabwerenso. Ukatsegule galaja, ndikubwera ndi yanga."

"Mwatsimikiza?"

"Pita, mayi iwe, ukundichititsa manyazi ndi kachitini kakoka."

Ndinabwerera, ndinatsegula galaja, ndinayamba kukanda mtanda wa pierogi, tizitumbuwa tathu ta mbatata ndi tchizi timene a Kaz amati tikondwerere nato. Patapita ola limodzi foni inalira. Mawu anali a a Kaz, koma ngati achepa.

"Bernie."

"Mwafika pati? Sindikumva hutala."

"Amata kapepala pagalasi. Awonjezera 12,000 pamwamba pa 56,000 ija. Akuti ndi mmene msika ulili."

"Simunawauze kuti ndinu wam'kati?"

"Ndawaonetsa khadi langa. Akuti kuchotsera mtengo kwa antchito sikukhudza galimoto iyi. Ndauza mnyamata wogulitsa kuti zitseko za Halvard ndamanga ndi manja awa kuyambira iye asanabadwe. Wandiyankha kuti zikomo kwambiri, n'kundipatsa kapu ya khofi. Ndipo mipando siitentha. Katchipi kake akuti kadzabwera chaka chamawa."

"Si paja munati mwamuna satenthetsa..."

"Bernie, pali dokotala wa mano waima pambali pa galimotoyo ndi cheke m'manja. Akuigwiragwira. Ndi yabuluu."

Ndinasiya kuseka. Zaka makumi anayi ndakhala ndi bambo amenewa, ndipo mawu otere ndinawamvapo kamodzi kokha, pamaliro a mchimwene wawo. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinakwiyiranso kampaniyo, mkazi mnzanga amene wandilanda mwamuna moyo wonse n'kudzamubweza ndi kapu ya khofi.

"Bwera udzanditenge," anatero.

Makiyi ndinali nditawagwira kale. Koma ndinayang'ana pazenera, n'kuona simenti ili mbee, galaja ili yasa, kanyali kobiriwira kakuwala m'katimo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinabweza makiyi pamsomali.

"Munati ndisabwerenso."

"Bernadette!"

"Manja anga ali mumtanda. Khalani pomwepo, ndikutumizirani munthu."

Ndinaimbira Fadi. Mwamwayi anali pamsewu ndi banja lonse, akuchokera kwa azakhali ake ku Toledo. Ndinamva Renee akunena cham'mbali kuti, "Ayende wapansi. Ndi pafupi, mamailosi khumi okha." Koma Fadi, Mulungu amudalitse mwana uja, anati, "Tikupita, amayi. Kungoti batire latsala pang'ono."

"Likwana," ndinatero, ngati ndimadziwa kanthu za mabatire.

Zam'njira anandifotokozera Renee pambuyo pake. Akuti anawapeza ataima panja pa geti la ogulitsa, manja m'matumba, mphuno itafiira. Ataona pikiapu yofiira ya Merrick ikuima patsogolo pawo anayang'ana kumwamba, kumanzere, kumanja, kufuna basi imene kulibe. Kuzizira ndi kumene kunawakankhira m'kati. Renee sanasunthe pampando wakutsogolo, moni sanapereke, ndiye a Kaz anakhala kumbuyo, pafupi ndi kampando ka Dalia. Fadi anayatsa mwakachetechete chotenthetsa mpando wawo, ndipo palibe anamva dandaulo.

Dalia anali asanakwanitse zaka zitatu. Akuti anawayang'anitsitsa kuyambira kutayi mpaka kunsapato.

"Ndiwe ndani?"

Renee anayang'ana panja. Fadi ndi amene anayankha kuti, "Ndi agogo ako, bambo awo a amayi."

Mwana anaganiza kaye, n'kutulutsa bisiketi m'kamwa mwake, yonyowa theka, n'kuwapatsa. Akuti anaidya yonse.

Ine ndinali pakhomo ndi epuloni yanga pamene anafika. Galimoto zimenezi sizilira, zimangotulukira ngati mphaka. Fadi, mwachizolowezi, anakhotera kutsidya kwa msewu n'kuima pansi pa mtengo. Mtima wanga unagwa. Ndinati basi, mtanda ndakanda pachabe.

A Kaz anatsika, koma sanawoloke. Anazungulira galimoto, anamenya tayala ndi nsapato, anatsegula chitseko n'kuchitsekanso kuti amve kulira kwake. Nkhope inaoneka kuti yasowa cholakwika ndipo zawanyansa. Kenaka anasuzumira pazenera la Fadi.

"Chofiira chikuphethiracho n'chiyani?"

"Batire, Bambo Pawlak. Latsala la mamailosi asanu ndi limodzi."

"Kwanu ndi mamailosi angati?"

"Khumi ndi anayi. Koma musadandaule, pamsika paja pali potchajira."

"Pamsika paja n'pakufa chiyambire Ogasiti. Ndimapitapo kukaona." Anatembenukira kwa Renee. "Ndiye mukafere panjira ndi mwana, kuzizira konseku?"

"Tiitana galimoto yodzatikoka," anatero Renee, maso ali kutsogolo. "Ife malamulo a eni nyumba timawalemekeza."

A Kaz anawoloka msewu, anandidutsa ngati sakundiona, n'kulowa m'galaja. Anatuluka akukoka chingwe cha tchaja. Ndinaona nzeru yawo: afikitse magetsi kumtengo, lamulo lisathyoke. Anayenda nacho masitepe khumi, chingwe n'kuti gwa, chatha. Anali asanafike ngakhale pakati pa simenti. Anachikoka, anachigwedeza, anachitukwana m'Chipolishi, chilankhulo cha makolo awo. Chingwe sichinatalike.

Anaima pamenepo nthawi ndithu, atagwira mutu wa tchaja ngati munthu wothirira maluwa madzi atasiya. Aneba awiri anali atatuluka kale kudzasesa masamba amene kunalibe. Ine ndinaluma milomo. Ndikanalankhula liwu limodzi lokha, zonse zikanawonongeka, ndipo Mulungu akudziwa kuti kukhala chete si mphatso yanga.

Dalia anamenya galasi ndi kadzanja kake n'kukuwa kuti, "Agogo! Ndikufuna kukodza!"

A Kaz anaika tchaja pansi. Anaima pakati pa simenti, anakweza manja onse awiri monga ankachitira kufakitale polondolera galimoto yotsika pa lamba, n'kuyamba kukodola.

"Bwera. Bwera, iwe, ukudikira kalata? Kumanzere pang'ono. Samala maluwa a mayi ako. Bwera, bwera... basi!"

Matayala anayi a Merrick anaima pasimenti pa a Kaz Pawlak, pamwamba penipeni pa banga la oyilo wa Halvard. Mneba wina anagwetsa tsache.

A Kaz anatsegula kachitseko ka m'mbali mwa galimoto n'kulowetsa tchaja. Inati khethe. Kanyali kamene kanakhala kobiriwira chaka ndi theka kanasanduka kabuluu n'kuyamba kuphethira.

"Yalowa," anatero modabwa.

"Pakamwa pake m'pamodzi, bambo," anatero Fadi. "Zanu ndi zathu zomwe."

"Usandiphunzitse ntchito."

Renee anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana matayala, anayang'ana simenti, anayang'ana bambo ake. Mawu ake anali atakwaniritsidwa mpaka kumapeto, ndipo analibenso pothawira. Anamasula mwana n'kumunyamula.

"Tayi imeneyo ndi yapaukwati wanga," anatero podutsa.

"Inali pamwamba," anayankha a Kaz.

Analowa m'nyumba. Ine ndinathamangira kukhitchini kukalira pang'ono pamwamba pa anyezi, kuti ndikhale ndi chonamizira.

Fadi anati ola limodzi likwana kuti akafike kwawo. Ndinakazinga pierogi mwachangu, za Fadi m'chiwaya chakechake chopanda nyama ya nkhumba. Tikudya, a Kaz anadzuka kuti akaone ngati zonse zili bwino kugalaja, n'kubwerako akupukuta manja. Dalia anadya zitatu, yachinayi anaithyola n'kudyetsa agogo ake. Renee anafunsa kuti chithunzi cha agogo aakazi chinapita kuti, ndipo a Kaz anadzuka okha, anatsitsa felemu ya nambala 61,204, n'kubweza mayi anga pamalo pawo.

Ola litatha Fadi anayang'ana foni yake, n'kukwinya nkhope. Ananditsatira kukhitchini ndi mbale.

"Amayi," ananong'ona, "tchaja yanu ili ndi vuto. Poyamba imaonetsa ola limodzi. Pano ikuti maola khumi ndi limodzi."

Ndinapita kugalaja. Za magetsi sindidziwa, koma bokosi limenelo ndaliona likupukutidwa Loweruka lililonse, ndipo ndikudziwa kuti kakonokono ka m'mbali mwake kamaloza kumanja, pa mphamvu yonse. Tsopano kanali katapotozedwa mpaka kumapeto kwa kumanzere. Ndinakasiya momwemo.

Pabalaza ndinapeza a Kaz atakhala pansi pakapeti, mawondo awo oipawo atawaiwala, Dalia akuwamanga tayi kumutu.

"A Kaz," ndinatero, "akuti galimoto idzadza mawa m'mawa."

"Ndi Merrick imeneyo," anayankha osandiyang'ana. "Ndinanena ine kuti chinthu chikatsika mtengo pamakhala chifukwa. Kayale bedi m'chipinda cha Renee. Ndipo umuuze mnyamatayo asakhudze tchaja yanga."

Renee anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kuyang'ana bambo ake ali ndi tayi kumutu, n'kutsekanso. Dalia anadzuka, manja ali noninoni ndi batala, anayang'ana uku ndi uku kufuna popukutira, n'kulunjika pa makatani anga oyera. Renee anati amugwire.

"Musiye," ndinatero.